Kwa Makasitomala Athu Onse: Mawotchi ndi Mabelu Anu Tiziwayang'anira pa Netiweki

Okondedwa makasitomala athu,

Tikulembera nonse amene tinakuikirani mawotchi ndi mabelu m'masukulu, m'zipatala, m'mafakitale ndi m'maofesi, pofuna kukudziwitsani kuti kagwiridwe kathu ka ntchito kakusintha. Kuyambira mwezi wamawa, mmisiri wathu sazibweranso ndi makwerero paphewa kudzakonza wotchi imodziimodzi monga mwa kale. Mawotchi onse olumikizidwa ku netiweki tiziwaona ndi kuwakonza tili ku ofesi kwathu, kudzera mu pulogalamu ya pa kompyuta, ndipo inunso tikupatsani polowera panu mu pulogalamuyo. Kubwera tizibwerabe, koma pokhapokha pakawonongeka chinthu chofuna manja, komanso kamodzi pachaka kudzayendera zingwe.

Chatichititsa zimenezi ndi khalidwe la wotchi yeniyeniyo. Wotchi ya batire imawerenga nthawi ndi kamwala kotchedwa quartz, komwe kamanjenjemera maulendo 32,768 pa sekondi imodzi. Kamwalaka n'kokhulupirika ndithu, koma sikafanana ndendende ndi kanzake, ndipo nyengo imakasintha. Kamayenda bwino kutentha kukakhala pafupi ndi madigiri 25, koma kukatentha ngati ku Nsanje mu Okutobala kapena kukazizira ngati ku Dedza mu Juni, kamachedwerako. Wotchi yabwinobwino imatha kutsalira kapena kuthamanga ndi masekondi pafupifupi 15 pamwezi, ndipo zotchipa zimaposa pamenepo. Pa wotchi imodzi si nkhani. Nkhani imabwera mukakhala ndi mawotchi ambiri, ina ikuthamanga, ina ikutsalira, iyi anaitchera poyang'ana foni ya aphunzitsi, iyo poyang'ana ya pamkono ya alonda. Teremu isanathe, kalasi ina yatuluka kale pamene ina ikudikirabe belu. Ku fakitale ndiye pamabuka mkangano weniweni, chifukwa mphindi zisanu za nthawi yoweruka zimakhudza malipiro a munthu. Ifeyo tikabwera n'kukonza zonse lero, mawa lake zimayambanso kusiyana pang'onopang'ono mpaka ulendo wotsatira. Mumalipira mafuta a galimoto yathu pa ntchito yosakhalitsa.

Mawotchi a pa netiweki sadalira kamwala kokha. Pakapita kanthawi amafunsa kompyuta ina, yomwe timaitchula kuti seva, kuti nthawi ili bwanji. Amafunsa kudzera m'njira yotchedwa NTP, imene David Mills wa ku University of Delaware ku America anaiyambitsa m'zaka za m'ma 1980, ndipo ndi njira yomweyo imene makompyuta ambiri padziko lonse amakonzera nthawi yawo. Luso lake lagona apa: wotchi imalemba nthawi imene yatumiza funso, seva imalemba nthawi imene yalandira ndi imene yayankha, ndipo yankho likafika wotchi imawerengera nthawi imene uthenga wataya panjira n'kuichotsera. N'chifukwa chake ngakhale pa intaneti yochedwa, kusiyana kwake sikufika poti diso la munthu lingakuone. Maseva akuluakulu nawonso amatenga nthawi ku masetilaiti a GPS, omwe amanyamula mawotchi a atomiki. Amene mumada nkhawa ndi bandulo, khazikani mtima pansi. Uthenga wa NTP ndi wa mabaiti 48 okha, moti chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp chimadya zambiri kuposa mafunso a wotchi a tsiku lonse.

Pulogalamu yoyang'anira ndiyo yatsopano kwa inu. Ikatsegulidwa imafufuza pa netiweki yanu n'kupeza wotchi iliyonse, ndipo ife timaipatsa dzina lomveka: "Fomu 3B", "Wodi ya Amayi", "Geti la Kumpoto". Pa sikirini pamaoneka kuti wotchi ili moyo kapena ayi, inafunsa nthawi komaliza liti, ndipo yasiyana bwanji ndi seva. Ikasiya kuyankha, pulogalamu imatumiza imelo kwa ife ndi kwa munthu amene mudzamusankhe. Kale timamva za wotchi yakufa patapita masabata, wina akatopa nayo n'kutiimbira. Tsopano tizidziwa tsiku lomwelo. Mu pulogalamu momwemo ndi mosinthira kuwala kwa mawotchi a manambala, kuti a m'mawodi azichepetsa kuwala usiku odwala agone, ndiponso kusankha ngati azionetsa 14:00 kapena 2:00.

Kuti zonsezi ziyambe, tibwera ulendo umodzi wokhazikitsa, ndipo tikupempha kuti amene amayang'anira makompyuta kwanuko adzakhalepo tsiku limenelo. Zimene tidzawapemphe n'zochepa. Adzatsegule khomo lotchedwa port 123 ya UDP pa firewall, womwe ndi mpanda wotetezera netiweki, chifukwa NTP imadutsa pamenepo, ndipo ikatsekedwa mawotchi amangokhala chete ngati kuti awonongeka. Adzasungire wotchi iliyonse adiresi yake ya pa netiweki (IP) yosasintha pa DHCP, dongosolo logawa maadiresiwo. Adzatitsegulirenso njira yotetezeka yolowera pa netiweki tili kutali, yotchedwa VPN, yofika pa mawotchi okha. Sitikufuna kuona makompyuta a ku akaunti kapena mafayilo a odwala, ndipo ngati netiweki yanu imalola kupatula mawotchi pa chigawo chawochawo, timakonda zimenezo kuposa china chilichonse. Amene mulibe munthu wa IT, ntchitoyi tidzaigwira tokha ndipo tidzakusiyirani pepala lolembapo zonse zimene tasintha.

Za magetsi tinene mosabisa, chifukwa m'pamene anthu amakhumudwira. Mawotchi ambiri amene tinakuikirani alibe batire yoyendetsera mivi kapena pulagi yawoyawo. Amalandira magetsi kudzera m'chingwe cha netiweki chomwecho, njira yotchedwa PoE, imene muyezo wake woyamba, 802.3af, unatuluka mu 2003 ndipo umapereka mawati 15.4 pa chingwe chimodzi. Ubwino wake ndi woti simugulanso mabatire. Kuipa kwake ndi koti switch, bokosi limene zingwe za netiweki zimakumanamo, ikathima, mawotchi onse amene ali pa switch imeneyo amathima limodzi. Choncho malangizo athu ndi oti switch ikhale pa UPS, batire yogwira ntchito magetsi akathima, kapena pa inveta. Si ndalama zambiri poyerekeza ndi zimene munagulira mawotchiwo, ndipo popanda zimenezi theka la ubwino wa dongosololi latayika. Magetsi akayaka, mudzaona mivi ikuthamanga yokha kukaima pa 12, n'kudikira pang'ono, kenako n'kuzungulira mpaka pa nthawi yoyenera. Wotchiyo sinawonongeke, ikudzikonza. Chonde uzani alonda ndi okonza m'maofesi kuti asaitsitse kapena kukankha mivi ndi chala, chifukwa wotchi imasokonezeka, osadziwanso pamene mivi yake ili, ndipo zimenezo pulogalamu singaziwone tili kutali.

Chingwe cha netiweki sichiyenera kupitirira mamita 100 kuchokera pa switch. Kumene kuli nyumba zotalikirana, monga ma hostel ndi holo, tidzafunika kuika switch ina kapena kukoka faiba, chingwe chotumiza uthenga ndi kuwala. Faiba ili ndi ubwino winanso nyengo ya dzinja: mphenzi siyenda m'menemo monga imachitira mu waya wa kopa wodutsa panja.

Amene muli kumadera kumene intaneti imaduka masiku angapo, mawotchi sadzaima. Adzapitiriza kuyenda ndi kamwala kawo mpaka adzapezenso seva, ndipo pa masiku ochepa kusiyana kwake ndi masekondi chabe. Ifeyo ndi amene sitidzawaona mpaka intaneti itabwerera. Kwa zipatala ndi mafakitale oyenda usana ndi usiku, tikulimbikitsa kugula kaseva kanukanu kokhala ndi mlongoti wa GPS padenga. Kamatenga nthawi kuchokera kumwamba, sikafuna intaneti, ndipo makamera a CCTV ndi makina odindira chala akhoza kufunsanso nthawi pomwepo. Pakakhala mlandu wa katundu wosowa kapena wa wantchito wochedwa, kamera, makina a chala ndi wotchi ya pakhoma zimanena chimodzi. Sukulu yaing'ono siyenera kuwononga ndalama pa kaseva kameneka. Maseva aulere a pool.ntp.org ndi okwanira.

Pali msampha umodzi umene tikufuna muudziwe, makamaka inu amene mumagula mawotchi ena panokha n'kuwalumikiza. NTP simatumiza nthawi ya Malawi. Imatumiza UTC, nthawi imodzi ya dziko lonse lapansi, ndipo wotchi imawonjezera yokha maola a dziko limene ili. Ife tili pa UTC+2 chaka chonse, chimodzimodzi Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa, pamene Tanzania ili pa UTC+3. Koma wotchi yopangidwa ku France kapena ku Germany ikhoza kubwera itatcheredwa pa nthawi ya kwawo, ndipo kumeneko amasintha mawotchi kawiri pachaka. Kuyambira Lamulungu lomaliza la Marichi mpaka Lamulungu lomaliza la Okutobala, mayikowa amakhalanso pa UTC+2, ndendende ngati ife. Ndiye munthu amagula wotchi mu Juni, n'kuilumikiza, n'kuona kuti ikulondola, n'kuiwalako. Likafika Lamulungu lomaliza la Okutobala, usiku, wotchiyo imabwerera m'mbuyo ola lathunthu, Lolemba m'mawa belu la 7:30 n'kulira 8:30. Palibe chimene chawonongeka, yangotsatira lamulo la kwawo. Pa ulendo wokhazikitsa tidzayendera wotchi iliyonse n'kuthimitsa lamulo limeneli. Mukadzagula ina mtsogolo, tiuzeni musanaipachike.

Tsopano za mabelu, zimene tikudziwa kuti aphunzitsi aakulu akuzidikira. Ndondomeko ya mabelu izikhala mu pulogalamu, ndipo mukhoza kukhala nazo zingapo: ya masiku onse, ya Lachisanu, ya nthawi ya mayeso. Kusintha kuchoka pa ina kupita pa ina sikutenga mphindi, ndipo simufunikanso kutiitana. Masiku a tchuthi odziwika, monga 15 Januwale, 3 Marichi, 14 Meyi, 6 Julaye ndi 15 Okutobala, tidzawalowetseratu kuti belu lisamalire pa sukulu popanda munthu. Koma tchuthi cha Eid chimadalira kuoneka kwa mwezi, ndipo boma limatha kulengeza tchuthi china mwadzidzidzi, choncho masiku oterewa muzilowetsa nokha kapena kutitumizira uthenga dzulo lake. Nyengo ya mayeso a MANEB sitidzakhudza wotchi kapena belu la sukulu iliyonse, ngakhale kuika pulogalamu yatsopano m'kati mwa mawotchi, pokhapokha inu mutatipempha.

Mphamvu yosinthira zonse pamalo amodzi ili ndi mbali yake yoopsa, ndipo sitikufuna muione mopepuka. Kale wina akalakwitsa, inkalakwika wotchi imodzi. Tsopano dzanja limodzi likalakwitsa, sukulu yonse kapena fakitale yonse yalakwika nthawi yomweyo, ndipo chifukwa mawotchi onse akugwirizana, palibe amene amakayikira msanga. N'chifukwa chake tikupempha kuti mutipatse anthu awiri okha okhala ndi chilolezo chosintha zinthu, mwachitsanzo aphunzitsi aakulu ndi achiwiri awo, kapena a manijala ndi a IT. Ena onse akhoza kupatsidwa polowera poonera chabe. Aliyense akhale ndi pasiwedi yakeyake, osati imodzi yolemba pa kapepala n'kumata pansi pa kiyibodi. Pulogalamu imalemba dzina la amene wasintha, chimene wasintha, ndi nthawi yake, kuphatikizapo amisiri athu, ndipo kaundula ameneyu muli ndi ufulu womuona nthawi iliyonse. Munthu akasiya ntchito kapena akasamutsidwa, tidziwitseni tsiku lomwelo kuti titseke polowera pake. Mapasiwedi amene mawotchi amabwera nawo kuchokera ku fakitale tidzawasintha onse, chifukwa amapezeka m'mabuku a malangizo omwe aliyense angathe kuwerenga pa intaneti.

Ena mudzafunsa ngati mawotchiwa amajambula kapena kumvetsera. Amene tinakuikirani alibe kamera kapena maikolofoni. Chimene timaona ife ndi dzina la wotchi, adiresi yake ndi nthawi imene ikuonetsa, basi.

Amene muli ndi mawotchi akale oyendetsedwa ndi wotchi yaikulu ya mu ofesi, ija imatumiza mphamvu pa waya mphindi iliyonse, simukukakamizidwa kuwataya. Nthawi zambiri timangosintha yaikuluyo n'kuika ina yolumikizika ku netiweki, ang'onoang'onowo n'kupitiriza monga kale. Kungoti pulogalamu izidzaona yaikulu yokhayo, ndipo ina ya m'kalasi ikaima muzidzatiuza ndinu. Mawotchi a batire wamba sangalumikizidwe ayi. Tidzapitiriza kuwasamalira pa ulendo wa pachaka, koma sitingalonjeze kuti azigwirizana ndi enawo.

Pa nkhani ya ndalama, malipiro a ulendo uliwonse amene munkalipira akutha, ndipo m'malo mwake pakubwera malipiro a pamwezi owerengera kuchuluka kwa mawotchi. Mitengo yake ili pa pepala limene taphatikiza ndi kalatayi. Amene muli kutali ndi tawuni muona kuti zatsika, popeza mafuta ndiwo ankakweza mtengo. Amene muli pafupi nafe ndipo muli ndi mawotchi ochepa mwina simuona kusintha kwenikweni, ndipo ngati mukufuna kukhalabe pa dongosolo lakale mpaka mgwirizano wanu utatha, n'zotheka. Ulendo wokhazikitsa ndi maphunziro a anthu anu awiri aja simudzalipira. UPS, switch yowonjezera, faiba kapena kaseva ka GPS n'zogula padera, ndipo sitidzaika chilichonse musanaone mtengo n'kuvomereza polemba.

Sabata ikubwerayi wina wa ku ofesi kwathu akuimbirani kuti tigwirizane tsiku. Asanaimbe, tikupempha kuti mukonzeretu mayina a anthu awiri aja, ndondomeko ya mabelu kapena ya mashifiti imene mukugwiritsa ntchito pakali pano, ndi mndandanda wa mawotchi ena alionse amene munawonjezera nokha. Masukulu tiyamba nawo pa holide, kuti tisadzasokoneze maphunziro. Zipatala ndi mafakitale mudzatiuza nokha ola limene netiweki ingathime kwa kanthawi popanda kuvutitsa ntchito.

Zikomo kwambiri chifukwa chopitiriza kugwira nafe ntchito.

Ndife anu,
Eni kampani ndi amisiri onse