Dandaulo: driver yanu ikutaya readConcern pa aggregate

Akuluakulu a kampani imene imatigulitsa driver yolumikizira mapulogalamu athu ku database ya MongoDB, dandauloli talilemba poyera dala kuti enanso ogwiritsa ntchito driver yomweyi achenjere.

ReadConcern ndiyo imauza seva mlingo wa kutsimikizika kwa zimene ikuwerenga; mlingo wa majority umabweza zokhazo zimene zafika kale pa makina ambiri osunga database. Tikaika readConcernLevel=majority mu connection string, driver yanu imamvera pa find (lamulo lofufuzira zolembedwa) pokha. Ikafika pa aggregate (lamulo losonkhanitsa ndi kuwonkhetsa zolembedwa) ndi distinct (lamulo lobweza zinthu mosabwereza) imatumiza lamulo lopanda readConcern, osanena kanthu, ndipo seva imangowerenga ndi local. Aliyense atha kudzionera yekha: yatsani db.setProfilingLevel(2), yomwe imalemba malamulo onse mu system.profile, pa replica set (gulu la makina osunga database imodzimodzi) ya makina atatu, tumizani find imodzi ndi aggregate imodzi, kenaka tsegulani system.profile. Lamulo loyamba lili ndi readConcern, lachiwiri mulibe. Tikuganiza kuti malamulowa mukuwadutsitsa pa runCommand, yomwe siitengera readConcern yoikidwa pa database.

Mwina mukuyesa ndi nkhani yaing'ono. Local imabweza chilichonse chimene makinawo ali nacho panthawiyo, kuphatikizapo zimene sizinafike pa makina ena. Netiweki ikaduka, primary (makina otsogolera, olandira zolembedwa) imatha kupitiriza kulandira zolembedwa ndi w:1 (zovomerezedwa ndi primary yokha) kwa masekondi pafupifupi 10 isanatule udindo, uku makina awiri enawo akusankha primary watsopano. Wakaleyo akabwerera, zonse zimene analandira yekha zimachotsedwa ndi rollback. Tsono ngati $group, gawo la aggregate, inawonkhetsa ndalama m'masekondi amenewo, lipoti latuluka kale ndi chiwerengero chomwe mu database mulibenso. Palibe error, palibe chenjezo. Owerengera ndalama ndiwo amadzaona kumapeto kwa mwezi kuti mabuku sakugwirizana, ndipo mlandu umagwera ife olemba mapulogalamu.

Zimenezi si zachilendo ayi. Majority inabwera ndi MongoDB 3.2 m'chaka cha 2015. Kuyambira pa 4.2 imagwiranso pa aggregate yokhala ndi $out kapena $merge (magawo olemba zotsatira mu database), choncho musaichotse mukaona magawo amenewa. Yokanidwa pamenepo ndi linearizable, mlingo wina wa readConcern.

Majority yokhanso siikwanira pa aggregate yaitali, chifukwa zolembedwa zimatha kusintha ntchito ili mkati. Apa pamafunika snapshot (mlingo wowerenga zonse monga zinalili pa nthawi imodzi), yomwe kuyambira pa 5.0 imaloledwa pa find, aggregate ndi distinct kunja kwa transaction. Driver yanu ilibe poikira. Mukamaiwonjezera, kumbukirani kuti seva imasunga mbiri ya snapshot kwa masekondi 300 ngati munthu sanasinthe minSnapshotHistoryWindowInSeconds. Ntchito ikapitirira pamenepo pamabwera SnapshotTooOld, ndipo error imeneyi itifike momwe ilili, musaimeze n'kuyambanso mwakachetechete ndi local.

Session yokhala ndi causal consistency, yotsimikizira kuti munthu aona zimene walemba kale, nayonso yavulala. Poti afterClusterTime, youza seva kuti idikire mpaka zolembedwazo zitafika, imayenda mkati mwa readConcern, munthu akalemba pa primary n'kutumiza aggregate ku secondary (makina okopera zolembedwa kuchokera pa primary), sangatsimikize kuti aona zimene walemba kumene.

Chimene tikupempha n'chakuti aggregate, distinct ndi count zitenge readConcern kuchokera pa client, database kapena collection monga find imachitira. Pamene seva singathe kupereka mlingo wopemphedwa, driver ikane poyera. Pakadali pano lembani m'malangizo anu kuti vutoli lilipo, ndipo mutiuze version imene idzakonzedwe kuti tidziwe ngati tidikire kapena tisamukire pa driver ina.