Hositelo si kuthithikiza ana mchipinda ngati matumba a chimanga

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa nkhani ya mahositelo a ana a ku yunivesite, chifukwa masiku ano aliyense amene walandira kapenshoni kapena wabwera ku Joni ndi kandalama akuthamangira kumanga hositelo, eti ndi bizinesi yongokhala pakhonde ndalama zizikupeza zokha. Ine ndili ndi kahositelo kanga ku Chikanda konkuno ku Zomba, zipinda 8 mabedi 16, ndipo zongokhala pakhondezo ndikuuzeni ndi bodza lamkunkhuniza.

Makasitomala alipodi, izo sindikana. Malo ogona pa kampasi ndi ochepa pomwe ana osankhidwa akungochulukirabe, pitani ku Luwinga pafupi ndi Mzuni, pitani ku Chitawira kapena ku Nkolokosa komwe kumagona ana a Poly ija inasanduka MUBAS mu 2021, nkhani ndi yomweyi. Koma pomwe anthu amagwera mdzenje ndi pa masamu. Munthu amatenga mabedi 16 kuchulukitsa ndi miyezi 12 nkupeza malendi 192 pachaka, basi wayamba kale kulota galimoto, kuyiwala kuti mwana wasukulu sakhala chaka chonse, masemesita awiri ukawaphatikiza ndi miyezi ngati 8, nde malendi enieni ndi 128, ndipo apo ndiye kuti bedi lililonse lili ndi munthu komanso aliyense walipira, zomwe sizinachitikepo kwanga. Pomwe banki ikufuna zake mwezi ndi mwezi, mlonda naye sadziwa za holide. Mu 2020 sukulu zitatsekedwa pa 23 March chifukwa cha Covid tinakhala miyezi yambirimbiri zipinda zili gwaa, amene anamanga ndi loni ndinawaona akugulitsa ndi matilesi omwe.

Nde ine ndinasiya zotolera pamwezi. Amalipira pa semesita, kapena kawiri ngati kholo lavutika, ndipo ndimatchera khutu nthawi imene ndalama za upkeep, zija ana amabwereka ku Loans Board ya boma kuti azidzisamalira, zalowa chifukwa ukachedwa sabata imodzi yokha ndalama ija yasanduka foni yatsopano. Ofuna kuti chipinda chimudikire pa holide amasiya theka la lendi katundu wake nkukhala momwemo. Zonse pa Airtel Money kapena Mpamba, zopatsana mmanja zinandidanitsa ndi anthu, wina amalumbira mpaka kutchula agogo ake kuti anapereka.

Chimene chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi mchitidwe wothithikiza. Mnzanga wina chapafupi pompano anaona kuti ine ndikugoneka awiri pachipinda nkundiseka kuti mayi mukutaya ndalama, iye anaika madabulodeka atatu, ana 6 mkachipinda koti ngakhale sutikesi ilibe pokhala. Semesita yoyamba anadyadi bwino, sindinama ndinachita kaduka. Koma chimbudzi chimodzi anthu 30, thanki ya zonyansa inadzadza mvula isanathe, mzere wa kubafa kuyambira 4 koloko mmawa, kenako nsikidzi, ndipo nsikidzi zikalowa mmatabwa a dabulodeka mankhwala ake ndi moto basi. Ana awa ali ndi magulupu a WhatsApp, chithunzi chimodzi cha khoma la magazi a nsikidzi chinazungulira ma yearo onse, ana a chaka choyamba aja, asanafike nkomwe ku Zomba. Pano zipinda zake theka zili ndi maloko. Kwanga mwana akalowa chaka choyamba amatuluka atavala gauni, ndipo amandisiyira mng'ono wake kapena mnzake wa kutchalitchi, sindinalipirepo ejenti. Phindu la hositelo lili pamenepo, bedi lisagone lokha, osati kuchuluka kwa mitu mchipinda.

Magetsi ndiye anatsala pang'ono kundigwetsa. Poyamba ndinkati lendi ndi ya zonse, madzi ndi magetsi momwemo, kufuna kuoneka wabwino. Mayunitsi oti atha mwezi ankatha masiku 5. Tsiku lina ndinalowa chipinda china masana dzuwa likuswa mtengo, eni ake ali mkalasi, ndinapeza nyemba zikubwata pa hotipuleti yopanga okha ija ya waya wopiringiza pa njerwa, pambali pake chitsulo chotenthetsera madzi chili mu ndowa chikungowira, soketi yachita kusungunuka, kungoti Mulungu analipo nyumba yonse ikanapsa. Sabata yomweyo ndinaitana wamagetsi, chipinda chilichonse kamita kake, azigula okha. Anadandaula mwezi umodzi kenako anayamba kuzimitsa ndi babu yomwe. Kuphika ndinawamangira kakhitchini panja ka mbaula, ka sola kakang'ono ndi ka mababu ndi wifi basi kuti magetsi akathima aziwerengabe, ndi thanki ya madzi pamwamba. Zimenezi ndi mpanda, geti ndi mlonda ndi zomwe kholo la mtsikana limayang'ana likabwera, silifunsa za matailosi, ndipo limalolera kuwonjezera kangachepe bola laputopu ya mwana isabedwe.

Zophikira ana chakudya ndinayesako, ndinaluza. Umapangana nawo mtengo kumayambiriro kwa semesita kenako kwacha igwe ngati muja inagwera ndi 44 pelesenti mu November 2023, mafuta ophikira akwera mawa lomwelo koma mwana akuti tinagwirizana kale. Kaokala ka pageti kogulitsa sopo, mazira, buledi ndi kupulinta ma assignment ndiye kamalipira mlonda bwinobwino.

Kwa amene alibe mpamba womangira, musathamangire katapira kapena loni ya chiwongoladzanja cha masiku anochi. Ena akuchita lendi nyumba yaikulu nkuikamo mabedi, zimatheka, koma lemberanani ndi landilodi zaka zingapo pamaso pa mboni chifukwa akangoona ana adzadza amakukwezera kapena kukutulutsa kuti apange yekha. Ine ndinayamba ndi zipinda zitatu za banki mkhonde, zinazo zinamangidwa ndi lendi ya zoyambazo, njerwa pang'onopang'ono.

Pempho langa kwa akhonsolo ndi akuluakulu a mayunivesite, tabwerani muziyendera mahositelowa, muwerenge zimbudzi, muone mawaya, amene akwanitsa muwaike pa mndandanda woti ana osankhidwa kumene aziuona asanatumize dipoziti kwa munthu amene sanamuonepo. Chaka chathachi mtsikana wina wochokera ku Chitipa anafika pageti panga usiku ndi chikwama pamutu, analipira chipinda pa foni kwa munthu wa pa Facebook koma atafika anapeza ndi maziko okhaokha. Anagona pa mphasa kuchipinda kwa mwana wanga masabata awiri. Kwanga bwerani muyambire konkuno, geti ndi lobiriwira.

Mayi wa hositelo,
Chikanda, Zomba