Loweruka lino tikathamangira ku msewu wa Choma

Abale ndi alongo a gulu lathu lothamanga, moni nonse.

Loweruka likubwerali sitizungulira m'tauni. Tikumana pa Mzuzu Stadium nthawi ya 5:30 m'mawa, kenaka tilowera ku msewu wafumbi wa ku Choma.

Ambiri mwakhala mukudandaula za msewu wa M1. Kuyambira pa Katoto kukafika ku Luwinga munthu umathamanga mtima uli m'mwamba: apa lole, apo minibasi, kumbuyo wakabaza akuliza belu, utsi nawo uli m'mphuno. Kumidzi kulibe zimenezo. Ukangopitirira nyumba zomaliza za m'tauni, umayamba kumva mapazi ako ndi mpweya wako, mwina tambala ndi khasu la munthu wolawirira kumunda. Zitunda zilipo ndithu, zina zotopetsa, koma maganizo a ngongole ndi a kuntchito amayamba kupepuka usanafike n'komwe pamwamba. Ine ndimaona kuti mtendere umenewu ndi umene ambiri timaufuna, kuposa kuchepetsa thupi.

Choncho tapangana kuti ulendo wopita tithamange mwachete, opanda sipika kapena wailesi. Macheza tidzachita pobwerera.

Kuno kumacha ndi nkhungu ndi kamvula kowaza, ndiye tengani juzi yopepuka, botolo la madzi ndi nsapato zosaterera. Tikakumana ndi eni mudzi tiwapatse moni, "mwawuka uli", ndipo tisadutse m'minda yawo.

Oyamba kumene musaope, padzakhala anthu oyenda nanu kumbuyo. Amene mubwera dziwitsani mlembi pofika Lachinayi madzulo.

Zikomo,
Komiti