Ma TV atatu, mpira umodzi: dandaulo langa

Kwa Bwana Woyang'anira Sitolo,

Ndalemba kalata chifukwa foni yanditopetsa. Nambala yanu ija amayankha ndi munthu wina tsiku lililonse, ndipo aliyense amafuna ndifotokoze kuyambira pachiyambi ngati dzina langa mulibe m'buku lanu. Lilimo. Lisiti ndili nalo, inunso muli ndi lanu, choncho sindibwereza za ndalama zimene munalandira mu Disembala.

Chimene ndinapempha ndinachinena momveka pamaso pa mnyamata wanu wogulitsa: ma TV atatu pakhoma limodzi pabalaza, iliyonse izionetsa mpira wakewake. Sindinafune zapamwamba. Yaikulu ndi yanga yakale, kwa inu ndinatenga ziwiri zazing'ono, mabulaketi, mawaya, madikoda ena awiri, batire ndi inveta kuti magetsi akazima tisamathamangire ku vidiyo sho usiku. M'nyumba mwanga ine ndine wa Liverpool, mayi akunyumba ndi a Arsenal, mwana wathu woyamba ndi wa Manchester City, osanena alamu anga amene Loweruka masana safuna kumva china koma Bullets. Rimoti imodzi inali itatidanitsa. Mnyamata wanu anati ntchito yotere mumaigwira m'mabala sabata ndi sabata, ya pakhomo ndi masewera chabe.

Amisiri anu anabwera, anaboola khoma, anapachika zonse, anamwa tiyi. Titayatsa, ma TV onse atatu anaonetsa chithunzi chimodzi. Ndikasintha tchanelo, onse asintha limodzi. Anati ndi zongokonza pa rimoti, abweranso mawa ndi madikoda aja. Mawa limenelo silinafikebe.

Amene anandiuza zoona ndi mmisiri wa zamagetsi wa m'dera lathu, amene sindinamulipire ngakhale tambala. Anasuzumira kuseri kwa TV yaikulu n'kupeza kabokosi kakang'ono kotchedwa HDMI splitter. Ntchito yake ndi kutenga chithunzi chimodzi chochokera mu dikoda n'kuchigawira ma TV angapo, basi. Dikoda yanga imatsegula tchanelo imodzi pa nthawi imodzi, ndiye kabokosiko kangagawe chiyani china? Kuti mipira ikhale itatu pamafunika madikoda atatu, ndipo LNB ya pa dishi (kachipangizo kolandira siginolo) iyenera kutha kudyetsa onsewo. Anakwera padenga: LNB ndi yanga yakale ya khomo limodzi, waya wotsika ndi mmodzi. Anthu anu sanaigwire n'komwe. Bwana, zimenezi inu mukuzidziwa bwino kuposa ine, ndiye musandiuze kuti kunali kuiwala. Kabokosi kameneko ndi ka m'bala momwe anthu onse akuonera masewera amodzi, ndipo anakaika kuti ntchito ioneke ngati yatha.

Munandilonjeza pa foni kuti pofika Lachitatu pa 29 Januwale zonse zikhala zili m'malo. Tsikulo ndinalitchula dala. Unali usiku wotsiriza wa ndime yoyamba ya Champions League, matimu onse 36 akusewera, masewera 18 kuyamba nthawi imodzi, 10 koloko usiku kuno kwathu. Ndinaitana anzanga, mayi anakazinga nkhuku. Mmisiri wanu anati wanyamuka pa Limbe 3 koloko masana, ndipo dzuwa litalowa foni yake inali yozima. Tinakhala pansi anthu akuluakulu kuonera City ndi Club Brugge katatu pakhoma limodzi, kumanzere, pakati ndi kumanja, chifukwa mwana analira kuti timu yake ikagonja yatuluka. Za Liverpool ku PSV ndi za Arsenal ku Girona tinkazifunsa pa WhatsApp. Kenako magetsi anazima. Inveta yanu inalira pang'ono n'kukhala chete chigawo choyamba chisanathe. City inachita kubwerera kumbuyo n'kupambana 3-1, ife tili mumdima, alendo akuunika mbale ndi mafoni. Anzanga mpaka lero akandiona amafunsa ngati sinema yanga yatsegulidwa.

Batire lija ndi la galimoto, ndiponso logwira kale ntchito. Pamitu pake pali zoyera zija za asidi. Batire la galimoto analipanga kuti lilize injini kamphindi kochepa kenako lidzazidwenso, silopirira kukoka ma TV kwa maola. Ine ndinalipira la sola, ndipo ndi zimene zalembedwa pa lisiti ndi dzanja la munthu wanu.

Kuchoka ku Chilomoni kufika ku Limbe ndi maminibasi awiri, ndipo mukudziwa mmene mtengo umakwerera mafuta akasowa. Ndayenda njira imeneyo mpaka makondakitala ayamba kundidziwa. Tsiku lina bwana apita kubanki. Tsiku lina mmisiri ali ku Zomba. Tsiku lina madikoda ali m'njira kuchokera ku Johannesburg, vuto ndi ndalama zakunja. Vuto la ndalama zakunja tonse tikulidziwa, koma makwacha anga munawalandira osatchula Johannesburg, ndipo madikodawo ndinawaona ndi maso anga pa shelefu tsiku limene ndinkalipira. Munandiuzanso kuti ndibweretse ndekha batire kuti mudzaliyeze. Ndinalinyamula pa njinga yamoto, lili pamiyendo, asidi anandiboolera buluku la kuntchito. Nditafika anati woyeza mabatire sanabwere, komanso simusunga katundu wa makasitomala. Ndinabwerera nalo.

Zonsezi ndikanapirira. Chandilembetsa kalata ndi zimene zinachitika Loweruka lapitali pa kauntala yanu. Ndinapereka moni, bambo wa pa kauntalayo sanayankhe, maso ali pa foni. Nditatulutsa lisiti anandiyang'ana n'kunena kuti, "Madala, mwabweranso? Maso muli nawo awiri, mipira itatu muionera pati?" Anyamata amene ankatsitsa katundu anaseka, iyenso anaseka. Ndinamuuza modekha kuti za maso anga azisiye, andipatse zimene ndinalipira. Anayankha kuti, "Zotchipa munasankha nokha. Amene ali ndi ndalama sabwera kudzalira pano." Mmenemo n'kuti m'sitolo muli makasitomala ena, kuphatikizapo mayi wina amene ndimapemphera naye, amene anangoyang'ana pansi. Nditapempha kuonana ndi inu, anati mulibe nthawi ya nkhani zazing'ono, ndipo anaitana munthu amene anali kumbuyo kwanga ine ndikanali chiimire.

Ndine munthu wamkulu, ndili ndi ana a msinkhu wa bambo ameneyo. Inde, ndinasankha zotchipa, chifukwa ndi zimene thumba langa likanatha, ndipo mtengowo munautchula ndinu. Ndalama zimenezo ndinazisunga pang'onopang'ono kuchokera m'chipereganyu cha kuntchito. Ngati sitolo yanu ndi ya olemera okhaokha, lembani pakhomo tizidutsa. Kapena mwina mawu amenewa ndi amene mumawaphunzitsa antchito anu? Ndikufunsa chifukwa palibe ndi mmodzi yemwe amene anamudzudzula.

Pa 25 Meyi chaka chino cha 2025 ligi ya ku England ikutha, masewera onse 10 adzayamba nthawi imodzi, 5 koloko madzulo. Sindidikira tsiku limenelo kuti ndidzachitenso manyazi. Ndikukupatsani mpaka kumapeto kwa Epulo uno. Mubweretse madikoda awiri aja, musinthe LNB, mutsitse mawaya oyenera, mutenge batire lanu la galimoto n'kundipatsa limene ndinalipira, ndipo mmisiri asachoke pakhomo panga ndisanaone mipira itatu yosiyana. Ngati simungathe, nenani, mudzazule katundu wanu yense, mutseke mabowo amene munaboola, mundibwezere ndalama zanga zonse pamodzi ndi zoyendera. Ku Limbe masitolo ogulitsa zimenezi ndi ambiri, ena ali khomo loyandikana ndi lanu. Ndikufunanso bambo wa pa kauntala uja apepese, pakamwa pake, osati kudzera mwa inu.

Epulo akatha muli chete, kalatayi pamodzi ndi lisiti ndi zithunzi za kabokosi kaja ndi batire ndikazitula ku bungwe loona za chilungamo pa malonda la Competition and Fair Trading Commission ndi ku bungwe loimira ogula la CAMA, ndipo ndidzaziikanso pa Facebook, dzina la sitolo yanu lili pamwamba. Anzanga awiri amene ankafuna ntchito yomweyi ndawauza kale kuti ayambe aima.

Musandiimbire foni yondiuza kuti ndibwere Lachisanu. Ku Limbe sindibweranso, yankho lanu likhale lolemba.

Ine kasitomala wanu,
wa ku Chilomoni, Blantyre