Voti ya pulezidenti imasankhanso majaji

Mkonzi,

Nkhani ya chisankho ikabuka m'makombi a ku Mbare kapena ku Mufakose, timakangana za mtengo wa ufa, za ntchito ndi za zitupa za ana athu. Za majaji sitizitchula n'komwe, chonsecho chisankho cha pulezidenti chikavuta chimakathera m'manja mwawo.

Kuno ku Zimbabwe nthawi yake ndi yothina. Gawo 93 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa wodandaula masiku 7 okha oti akasume zotsatira zikalengezedwa, ndipo khoti la Constitutional Court liyenera kugamula pasanathe masiku 14. Apilo palibe. Mu 2018 a Nelson Chamisa, mtsogoleri wotsutsa boma amene anakasuma pokana zotsatira, anagwera pamenepa: pa 24 Ogasiti khotilo, motsogozedwa ndi Jaji Wamkulu a Luke Malaba, linati umboni sunakwane, makamaka mafomu a V11, a zotsatira, amene amasainidwa pamalo oponyera voti. Chipani chimene sichinaike omoyimira pamalo aliwonse kuti atenge fomuyo usiku womwewo, sabata imodzi siingachikwanire kuyamba kufunafuna.

Nanga majajiwo amawaika ndani? Malamulo a 2013, pagawo 180, anali atamanga manja a pulezidenti. Malo ankalengezedwa, bungwe la Judicial Service Commission linkafunsa ofuna ntchitoyo anthu akuonerera, kenako n'kupereka mayina atatu kuti iye atolepo limodzi. Mu 2017 lamulolo linasinthidwa kuti Jaji Wamkulu, wachiwiri wake ndi mkulu wa High Court aziikidwa popanda mafunso aja. Mu 2021 anawonjezera ziwiri: jaji angakwezedwe kupita ku Supreme Court kapena ku Constitutional Court osafunsidwa pagulu, ndipo wa makhoti awiriwa akafika zaka 70 angapitirize mpaka 75, pulezidenti akavomera lipoti la dokotala. Apa ndiye pali vuto lenileni, chifukwa zaka zisanu za ntchito ya jaji zili m'manja mwa munthu amene mawa adzakhala woyankha mlandu pamaso pake. A Malaba anakwanitsa zaka 70 pa 15 Meyi 2021, High Court inati nthawi yawo yatha, koma Constitutional Court inadzathetsa chigamulocho chaka chomwecho. Wapampando wa ZEC, bungwe loyendetsa zisankho, nayenso amaikidwa ndi pulezidenti, ndipo amayenera kukhala jaji, jaji wopuma kapena woyenera ujaji.

Kumudzi ku Malawi timanyadira za 3 Febuluwale 2020, pamene majaji asanu anafafaniza chisankho cha 2019 chija cha tipeksi, n'kunena kuti wopambana azipeza mavoti opitirira theka. Tisaiwale zimene zinatsatira. Mu Juni, kutangotsala masiku ochepa kuti anthu avotenso pa 23, boma la a Peter Mutharika linalengeza kuti Jaji Wamkulu a Andrew Nyirenda apite kutchuthi chodikira kupuma, ndipo ndi khoti lomwe linaletsa. Kumenekonso pulezidenti ndiye amaika majaji, kungoti Jaji Wamkulu ayenera kuvomerezedwa ndi magawo awiri mwa atatu a aphungu ovota.

Atolankhani anu akamacheza ndi ofuna upulezidenti, awafunse mosapsatira ngati adzabwezeretse mafunso apagulu a gawo 180, komanso ngati adzachotse m'manja mwa pulezidenti mphamvu yowonjezera jaji zaka. Mayankhowo muwasindikize monga anenera, ndi tsiku lake.

Ndife owerenga anu,
Mbare, Harare