Kwa iwe mwana wanga, za nthabwala zija za pa nsima

Mwana wanga,

Ndikhulupilira unafika bwino ku sukuluko, mtedza uja usamalize kugawira anzako sabata imodzi. Ndalemba chifukwa pafoni umandidula mawu.

Tsiku lija tikudya unatiwerengera mameseji a pa gulupu ya kalasi yanu, anzako akuti akadzangovala yunifolomu kaya kukhala pa mpando wa majisitileti amathanyula adzawona polekera, wina mpaka akuti woteroyo akadzabwera kudzadandaula iye sadzamulembera sitetimenti. Iwe unaseka mpaka kutsamwa, ine ndinangoti phee poti panali alendo koma nkhaniyi yakana kundichoka.

Usandimve molakwika, ine ndine mayi wa mvano, zomwe timaphunzira ku tchalitchi ukuzidziwa ndipo sindinazisiye. Lamulo nalo lilipo, unandiuza wekha kuti gawo 153 la malamulo a milandu, limene amamangira amuna ogonana okhaokha, limafika zaka 14 za kundende ndipo khothi linakana kulichotsa mu June 2024. Sindikukutuma kukasintha malamulo ayi, zimenezo ali nazo eni ake.

Ukumukumbuka telala uja wa kuseri kwa mjigo, amene anasoka madiresi a pa ukwati wa achemwali ako? Iwe unali ku sekondale nthawi imeneyo ndiye sitinakuuze. Anyamata a pa siteji anamudikilira usiku wina nkumumenya kuti amayenda ngati mkazi, mayi ake anadzagogoda kuno cha mma 10 akulira, tinamukweza pa kabaza mpaka ku polisi kuti atipatse kalata ya kuchipatala. Diso limodzi litatsekeka, magazi a mmphuno akudonthera pa kauntala iye nkumapukuta ndi shati yake yomwe kuopa kuwadetsera malo. Wapolisi tinamupezayo mmalo motenga cholembera anaitana anzake kuti tabwerani mudzaone kuno, nkumamufunsa kuti kodi iwe tikulembe kuti bambo kapena mayi, onse gwaa kuseka, mayi ake ali pompo atagwira chitenje kukamwa. Tinakhala pa benchi mpaka tambala woyamba. Kalata inatuluka atabwera bambo wina wachikulire yemwe sanafunse zambiri, anangoti wamenyedwa kuti, ndi ndani, lembani. Sindikudziwa kuti mumtima mwake bambo ameneyo amaganiza chani za anthu otere ndipo sindinafune kudziwa, ntchito anagwira. Koma mwanayo sanabwelerenso kukalondola mlandu wake, anati bola chilonda kusiyana ndi kauntala ija, ndiye omumenya aja mpaka lero ali pa siteji akuitanira.

Ndisadziyeretse. Mu December 2009 atamanga Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga chifukwa cha chinkhoswe chawo chija ku Blantyre, poti ankati ndi amuna okhaokha, anthu ankadzadza ku khothi kukawazuma, ine ndemwe ndinkaseka pa wailesi pano ndi azakhali ako. Anawapatsa zaka 14 mu May 2010, masiku ochepa chabe a Bingu nkuwakhululukira atabwera Ban Ki-moon, mkulu wa United Nations nthawi imeneyo. Kuseka kuja ndinakukumbukira ndili pa benchi usiku uja, manyazi ake osanena.

Mmesa unandiwerengera wekha gawo 42 lija la malamulo oyendetsera dziko, kuti womangidwa aliyense auzidwe chomwe wamangidwira ndipo akaonekere ku khothi pasanathe maola 48? Sindinamve paliponse pamene panati kupatula awa. Amene wabwera magazi ali chuchuchu ndi wodandaula basi, mulembere. Ngati ali ndi mlandu wake umenewo ndi wina, uli ndi umboni wake ndi woweruza wake. Ndipo ndimamva ena amawalanda mafoni anthu otere nkumawaopseza kuti upereke kangachepe apo ayi tikuyalutsa, ndalama yotero isadzalowe mnyumba mwanga muno olo itakhala ya maliro anga.

Anzakowo sindikuti udane nawo, ambiri ndi pakamwa chabe sanaonepo kanthu. Koma pakabwera nthabwala ina pa gulupu paja osaikapo kankhope koseka kaja, ndimakuona iwe.

Ya lendi ndikutumizira Lachisanu pa Airtel Money ndikagulitsa nkhuku. Nsalu ya suti yako ya tsiku lomaliza maphunziro ndagula kale, ili kwa telala yemwe uja, ukabwera pa holide upite wekha akakuyeze.

Ndine mayi ako.