Lipoti la nthumwi pa masewero a nyumba ya malamulo okhudza bilu ya malonda

A wapampando, akomiti ndi mamembala nonse, landirani lipoti la masewero oyeserera nyumba ya malamulo amene munandituma kuti ndikaimirire gulu lathu la amalonda a ku Malawi kuno ku Johannesburg. Ophunzira zamalamulo ndi amalonda a m'maiko osiyanasiyana tinagawidwa kukhala aphungu a boma, aphungu otsutsa ndi oweruza, ndipo ine anandiika ku mbali yotsutsa. Ngakhale anali masewero, tinagwirizana kuti mfundo iliyonse iyesedwe ndi malamulo enieni oyendetsera dziko la South Africa a 1996.

Bilu imene a boma anabweretsa inkafuna kuti ma spaza, timashopu ting'onoting'ono ta m'makomboni, ndi malo ogulitsira m'misewu akhale a nzika zokha, ndipo mtsutso wonse unali pa funso lakuti kodi lamulo lotere lingaime pamaso pa khothi kapena ayi. A boma anatsamira pa gawo 22 la malamulo oyendetsera dzikowo, limene limapereka ufulu wosankha ntchito kapena malonda kwa nzika, osati kwa munthu aliyense. Phungu wina wa mbali yathu atadzuka n'kunena kuti ufulu umenewu ndi wa tonse, sipikala anamupatsa bukulo kuti awerenge yekha mokweza, ndipo atafika pa mawu akuti nzika anakhala pansi. Ndikupempha kuti tileke kutchula gawo limeneli tikamakambirana ndi akhonsolo, chifukwa silitiikira kumbuyo.

Ena anayesa kudalira pangano la malonda la SADC limene linasainidwa ku Maseru mu 1996, koma oweruza sanachedwe nalo. Panganolo limanena za katundu wodutsa m'malire ndi misonkho yake, ndipo silipatsa munthu chilolezo chotsegula shopu m'dziko la eni.

Pamene tinaima molimba ndi pa gawo 9 ndi gawo 10, amene amanena za kusasankhana ndi ulemu wa munthu, pakuti magawo awiriwa amateteza aliyense wokhala m'dziko muno. Tinakumbutsa nyumbayo za chigamulo cha Khothi Lalikulu la Apilo cha 2014, pa mlandu umene bungwe la Asomali linasumira boma la chigawo cha Limpopo apolisi atatseka mashopu a obwera. Khothilo linagamula kuti othawa kwawo ndi amene akudikira yankho la pempho lawo la chitetezo ali ndi ufulu wopempha ziphaso za malonda, chifukwa kumuletsa munthu wopanda kwina kopezera chakudya ndi kumuvula ulemu. Tinatchulanso za mavenda a mkatikati mwa mzinda uno amene anachotsedwa m'malo awo mu 2013, mpaka khothi loona za malamulo oyendetsera dziko, la ku Braamfontein lija, linalamula mu Disembala chaka chomwecho kuti abwerere.

Oweruza a masewerowo anagamula kuti biluyo ndi yosemphana ndi malamulo, popeza inkaletsa obwera onse mosasiyanitsa, ngakhale amene ali ndi chilolezo chokhala m'dziko muno mpaka kalekale. Koma anaonjezera mawu amene anandikhudza kwambiri, ndipo sindikufuna kuti atayike m'chisangalalo cha kupambana: boma lili ndi mphamvu zonse zofunsa mapepala ndi ziphaso kwa aliyense wochita malonda. Ambiri mwa ife si othawa kwawo, choncho chigamulo cha ku Limpopo sichitiphimba tonse, ndipo mavenda a 2013 aja anapambana chifukwa anali ndi zilolezo zogulitsira pamalopo. Mayi wogulitsa nsomba zouma ndi mpunga wa kilombero amene masiku ake a papasipoti anatha kale alibe poimira, ngakhale bilu yoipa itagwa.

Ndikupempha komiti kuti pa msonkhano ukubwerawu isankhe anthu oti athandize mamembala kuunika mapepala awo, komanso kuti tiitane loya wodziwa malamulo a anthu obwera adzatifotokozere mtundu wa chilolezo chimene chimalola munthu kuchita malonda akeake.